Khadi la banki likawoloka malire: chifukwa chake limakana, ndi pomwe ndalama za m'manja zimafunikabe

Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg imaponda maiko anayi. Imatuluka pachipata cha Mwanza n'kulowa ku Zobue, imawoloka Zambezi pa Tete, imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kenaka Harare, Beitbridge, mpaka kukaima pa Park Station. Dziko lililonse lili ndi ndalama yake: kwacha, metikali, madola a ku America osakanikirana ndi ZiG ya Zimbabwe, ndiye randi. Mwa zonsezi yomwe imafa msanga ndi yathuyi. Mukangowapitirira anyamata osintha ndalama a pamalire, K5,000 ija simungagulire ngakhale botolo la madzi. Kwacha ya Malawi sasintha ku London, sasintha ku Dubai, ndipo ya ku Zambia, ngakhale dzina ndi lomwelo, ndi ndalama ina yosiyana kotheratu.

N'chifukwa chake aliyense wokonzekera ulendo amafika pafunso limodzi: ndinyamule ndalama za m'manja kapena ndidalire khadi? Malangizo ambiri a pa intaneti amati tengani khadi basi, zonyamula ndalama m'thumba n'zachikale. Sakunama, koma amalankhula ndi munthu amene mu akaunti yake muli madola kapena mapaundi. Kwa ife olandira makwacha nkhani yake ndi ina, ndipo ambiri amaizindikira ataima kale patilu, katundu ali m'jumbo, makina atakana, mzere wonse ukuwayang'ana.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'masekondi ochepa aja mukalowetsa khadi m'makina. Tinene kuti mwagula nsapato za R600 m'sitolo ina ku Johannesburg. Makinawo amatumiza uthenga kubanki ya mwini sitolo, bankiyo imaupatsira ku Visa kapena Mastercard, malinga ndi chizindikiro chomwe chili pakhadi lanu, ndipo iwo amafunsa banki yanu ya kuno kwathu ngati ikuvomera. Ikavomera, mu akaunti yanu mumachoka makwacha. Koma mwini sitolo uja makwacha alibe nawo ntchito, akudikira marandi. Ndiye kuti penapake wina ayenera kutulutsa ndalama zakunja zenizeni, ndipo winayo ndi banki yanu, yomwe imayenera kubweza ku Visa kapena Mastercard, kawirikawiri m'madola. Nthawi iliyonse mukagula ndi khadi kunja kwa dziko, mwagula madola kubanki yanu ngakhale simudawagwire ndi dzanja.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Madola kuno ndi osowa. Kunja timagulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina zochepa, pomwe mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi makina zonsezi timaitanitsa. Madola otuluka amaposa olowa chaka ndi chaka. Mu May 2022 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adali paulendo sabata imeneyo akudalira akaunti ya kumudzi adagona ali ndi makwacha ogula madola 1,000, n'kudzuka akugula osafika 700, chikhalirecho sadagule kanthu. Ngakhale kwacha idagwetsedwa chomwecho, mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu sizidakumane, ndipo mpata wake udangopitirira kukula.

Mpata umenewu ndi womwe udasandutsa khadi chinthu chosiririka. Khadi linkawerengera dola pamtengo wovomerezeka, womwe udali wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsewu. Aliyense wodziwa masamu adafuna kulipira zakunja ndi khadi: fizi ya mwana, tikiti ya ndege, katundu wa pa intaneti, oda ya bizinesi. Mabanki alibe madola okwanira anthu onsewo, choncho adaika mlingo wa ndalama zomwe khadi limodzi lingagwiritse ntchito kunja patsiku kapena pamwezi, ndipo mlingowo umakwera ndi kutsika malinga ndi momwe madola akupezekera. Ndiye musadabwe khadi likakana pomwe mu akaunti muli mamiliyoni. Vuto si ndalama zanu ayi. Banki yanu ilibe madola oti ikulipirireni, kapena gawo lanu la mwezi uno mwamaliza.

Ine ndimaona kuti apa mabanki athu amatilakwira pa chinthu chimodzi. Kusowa kwa madola sikuli m'manja mwawo, koma kuuza kasitomala zoona asadanyamuke kuli m'manja mwawo. Popeza sanena okha, muziwafunsa. Pitani kunthambi masiku angapo ulendo usadafike, osati dzulo lake. Funsani ngati khadi lanulo ndi lotsegulidwa kugwira ntchito kunja, chifukwa ena amabwera otsekedwa mpaka mwini wake atapempha. Funsani mlingo wa patsiku ndi wa pamwezi, ndipo mufunse padera za kutapa pa ATM, kugula patilu ndi kulipira pa intaneti, poti zitatuzi nthawi zambiri zimakhala ndi milingo yosiyana. Auzeni maiko omwe mukupita ndi masiku ake. Makompyuta a banki akaona khadi lomwe limagula ku Limbe tsiku ndi tsiku latulukira mwadzidzidzi ku Guangzhou ku China, amatha kulitseka poganiza kuti labedwa. Onaninso tsiku lomwe khadi lithere ntchito, lolembedwa pakhadi pomwepo. Latsopano limatengedwera kunthambi kuno, ndipo kulitumiza kunja ndi chintchito.

Khadi likavomera, pali zodula zomwe sizioneka parisiti ya sitolo. Marandi aja amasinthidwa kukhala madola pamtengo wa Visa kapena Mastercard, madolawo n'kusinthidwanso kukhala makwacha pamtengo wa banki yanu, ndipo pakusintha kulikonse pamatsala kenakake. Banki imawonjezeranso ndalama yake yogwiritsira ntchito khadi kunja. Pa ATM ndiye pamabwera wachitatu, mwini makinawo, amene amadula yake pa ulendo uliwonse womwe mwatapa. Zina mwa zodulazi sizisintha kaya mwatapa zochepa kapena zambiri, kotero wotapa R200 kasanu amaluza kwambiri kuposa wotapa R1,000 kamodzi. Ambiri amapusitsikanso ndi dzina. Khadi la Standard Bank ya ku Malawi mukalilowetsa m'makina a Standard Bank ku South Africa limatengedwabe ngati khadi lachilendo, chifukwa mabanki awiriwo, ngakhale ndi a banja limodzi, ali m'maiko osiyana ndipo amayendera malamulo osiyana.

Pali msampha wina womwe umakola ngakhale anthu ozolowera kuyenda. Makina ena a patilu ndi a ATM akazindikira kuti khadi ndi lakunja amakufunsani mwaulemu ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya dziko lomwe muli kapena m'ndalama ina yomwe mukuidziwa bwino, monga madola kapena mapaundi. Amakuonetsani ndi mtengo womwe, ndipo mtima umakhala m'malo poona nambala yomveka. Kanani. Mukavomera, wosintha ndalamayo amakhala mwini makina, pamtengo womwe wadziikira yekha, ndipo kawirikawiri umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard. Muli ku South Africa sankhani randi, ku Britain paundi, ku Tanzania shilingi. Achibale okhala ku Manchester kapena Leeds akamabwera kudzaona kumudzi ndi makhadi awo a mapaundi, lamulo ndi lomwelo: makina akafunsa, asankhe ndalama ya dziko lomwe aima.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamagwetsa anthu ambiri ndi simu khadi. Mukamalipira pa intaneti, kaya tikiti ya sitima kapena chipinda chogona, banki imatumiza manambala achinsinsi pafoni kuti itsimikize kuti ndinu. Manambalawo amapita kunambala ya TNM kapena Airtel yomwe mudalembetsa. Inu mwafika kunja, mwachotsa simu ya kumudzi, mwaikamo ya komweko, uthenga uja ukupita kusimu yomwe ili m'chikwama. Musadanyamuke onetsetsani kuti nambala yanu izilandira mauthenga kunja, kapena pemphani banki kuti izitumizanso pa imelo. Foni ya masimu awiri imathandiza kwambiri pamenepa.

Kuhotela nakonso kuli zake. Ambiri amatsekereza ndalama ina pakhadi ngati chikole mukamalowa, kuti mwina mungaswe kanthu kapena kudya zosalipira. Ndalamayo sadatenge, koma inunso simungaigwiritse ntchito, ndipo imatha kutenga masiku kapena masabata kuti imasulidwe mutatuluka kale. Kwa munthu wa mlingo wochepa chikole chimodzi chingadye gawo lonse la sabata. Funsani ngati angalandire chikolecho pamanja. Chimodzimodzi ATM ikadula ndalama mu akaunti koma osatulutsa kanthu: sungani kapepala kaja, jambulani makinawo ndi foni, lembani nthawi, dandaulani kubanki yanu tsiku lomwelo. Ndalamazo zimabwerera, koma sizifulumira.

Za akuba pa ATM ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa abale athu ambiri ku Joni zidawaonekera. Mabanki a ku South Africa amachenjeza za njira imodzi yomwe ikuchitikabe mpaka lero. Mwaima pamakina, khadi likuvuta kulowa. Kumbuyo kwanu kwaima bambo wovala bwino, wolankhula mofatsa. Akuti makinawa amatero, tabweretsani ndikuthandizeni. Walitenga, walipukuta pamalaya, walibweza, koma lomwe wabwezalo ndi lina la mtundu wofanana. Inu mukulemba nambala yachinsinsi, mnzake ali chapambali akuwerenga zala zanu. Makina akukana, inu mukuganiza kuti ameza khadi kapena netiweki yavuta, iwo apita kale kumakina ena. Musalole munthu aliyense kugwira khadi lanu pa ATM, ngakhale aoneke ngati mlonda. Phimbani ndi dzanja polemba nambala. Sankhani makina a mkati mwa banki kapena m'sitolo zikuluzikulu, masana. Kumalo odyera, makina abwere patebulo, khadi lisapite kukhitchini, poti manambala a kutsogolo ndi atatu a kumbuyo aja ndi okwanira kuti munthu agule nawo pa intaneti. Nambala ya foni yotsekera khadi ilembeni papepala, musaisunge m'foni mokha, chifukwa wakuba chikwama amatenga ndi foni yomwe.

Tsono wina anganene kuti ngati zili chomwechi bola kunyamula ndalama za m'manja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo paulendo wa pamsewu mawuwa ndi oona. Minibasi za ku Johannesburg, amayi ogulitsa zakudya pa Tete, chimbudzi cha pamalire, wonyamula katundu pamsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, onsewa amafuna ndalama yogwirika. M'Zimbabwe muli ndi mwayi mukakhala ndi madola ang'onoang'ono, a 1 ndi a 5, chifukwa chenje chimavuta ndipo mukapereka pepala lalikulu mutha kubwezeredwa maswiti kapena ndalama yomwe simukaigwiritsa ntchito kwina. Ku Tanzania, kuyambira 2025 boma lidalamula kuti zogula ndi zogulitsa za m'dzikomo zizilipiridwa m'mashilingi, choncho madola anu muyenera kuwasintha kaye pamalo ovomerezeka.

Koma kulinso malo komwe ndalama ya pepala ilibe mawu. Mabasi a mu London adasiya kulandira ndalama za m'manja mu 2014. Mumangogunditsa khadi kapena foni pakhomo. Malo ambiri omwera khofi ndi odyera ku Britain ndi maiko a kumpoto kwa Ulaya adatsatira. Ku China pafupifupi chilichonse chimalipiridwa pafoni kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay, ndipo kuyambira 2023 mlendo amatha kulumikiza khadi lake la Visa kapena Mastercard kumeneko, zomwe ndi bwino kuchita musadakwere ndege. Makampani obwereketsa galimoto ambiri safuna n'komwe kumva za ndalama za m'manja. Munthu angathe kukhala ndi envulopu yodzaza koma n'kulephera kukwera basi.

Ndalama ya pepala nayonso ili ndi ukalamba. Ku America dola iliyonse yomwe boma lidasindikiza ikugwirabe ntchito, koma osintha ndalama ambiri mu Africa ndi Asia amakana mapepala akale, ong'ambika, olembedwa ndi bolopeni kapena onyowapo. Mudzamuona wa pawindo akulitembenuza pepala, kuliyang'anitsa pagetsi, kuwerenga chaka, n'kulikankhira kwa inu osanena kanthu. Pepala la madola 100 lomwe salikayikira ndi latsopano lija la mzere wabuluu pakati, lomwe lidatuluka mu 2013. Mapepala a 50 ndi 100 amagulidwanso pamtengo wabwino kuposa ang'onoang'ono. Amene adasunga mapaundi m'sutikesi adziwe kuti mapepala akale a £20 ndi £50 adasiya kulandiridwa m'sitolo kumapeto kwa September 2022, pomwe adalowedwa m'malo ndi apulasitiki. Akale aja amasinthidwa ku Bank of England. Pogula ndalama zakunja, yang'anani pepala lililonse musadachoke pawindo.

Ndiye pali malamulo. Polowa ku Britain ndi ndalama zokwana £10,000 kapena kuposerapo muyenera kuulula kwa a kasitomu. Ku maiko a European Union mlingo ndi mayuro 10,000, ku America ndi zopitirira madola 10,000, ndipo South Africa nayo ili ndi mlingo wa marandi a m'manja omwe mungalowe kapena kutuluka nawo popanda chilolezo. Kuulula si mlandu ndipo salipiritsa. Kubisa ndiye kumalanditsa ndalama. Kuno kwathu potuluka nkhani imakhala ya komwe mudazipeza. Anthu akhala akumangidwa pabwalo la ndege la Kamuzu chifukwa chopezeka ndi ndalama zakunja zopanda mapepala. Mukagula kubanki kapena kumalo osinthira ndalama ovomerezeka amafuna pasipoti ndi umboni wa ulendo, ndipo risiti yomwe akupatseniyo ndiyo mboni yanu pachipata. Ndikudziwa kuti ambiri amathera pamsewu chifukwa kubanki adauzidwa kuti madola kulibe, ndipo sindingawaweruze. Koma adziwe zomwe asenza: ndalama yopanda risiti, mwina yachinyengo, yomwe ikalandidwa palibe kokadandaula.

Njira yomwe ndimaiona yanzeru ndi yogawa. Ndalama za m'manja zokwanira mayendedwe, chakudya ndi malo ogona a masiku awiri kapena atatu oyamba, zogawidwa pawiri kapena patatu, zina m'thumba la mkati, zina pansi pa chikwama chomwe simusiyana nacho, osati m'katundu wa pansi pa basi. Makhadi awiri a mabanki osiyana ngati n'kotheka, limodzi la Visa lina la Mastercard, osasungidwa malo amodzi. Ndipo kumudzi kukhale munthu mmodzi wodalirika amene angakutumizireni pa Western Union, MoneyGram kapena Mukuru zinthu zikathina.

Kwa amene sakungodutsa koma akukakhala, khadi la kumudzi ndi longoyambira. Posachedwa pamafunika akaunti ya komweko, ndipo apa ndi pomwe ambiri amakakamira. Ku South Africa lamulo la FICA limakakamiza mabanki kudziwa kasitomala wawo, kotero amafuna pasipoti, chiphaso chokhalira kapena chogwirira ntchito, ndipo nthawi zambiri umboni wa komwe mukukhala. Wopanda mapepala amathera polandirira malipiro mu akaunti ya mnzake, ya chibwenzi kapena ya mbale. Zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe mwakangana, kapena mwini akauntiyo wamwalira, kapena wagwidwa n'kubwezedwa kumudzi. Pamaso pa banki ndalamazo ndi za amene dzina lake lili pa akaunti, ndipo thukuta lanu la miyezi isanu ndi umodzi lilibe umboni. Ena amasunga m'chipinda, pansi pa matiresi, m'nyumba zogona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo akuba amadziwa bwino kuti mlendo wopanda akaunti amagona ndi ndalama. Makampani otumiza ndalama monga Mukuru ndi Mama Money adaona mpata umenewu, ndipo amapereka makhadi kapena maakaunti a pafoni osavuta kutsegula poyerekeza ndi a mabanki akuluakulu. Ndi bwino kufunsa kumeneko kusiyana n'kubwereka dzina la munthu.

Ku Britain chopinga chimakhala umboni wa adiresi: banki ikufuna kalata yosonyeza komwe mukukhala, pomwe mwini nyumba akufuna akaunti musadalowe. Ophunzira amathandizidwa ndi kalata ya kuyunivesite, ogwira ntchito ndi ya abwana awo, ndipo mabanki a pafoni monga Monzo ndi Starling adafewetsako zinthu. Akaunti ikatseguka, chenjerani ndi aliyense wopempha kuti ndalama zake zingodutsa mwa inu kuti akupatseni kangachepe. Kumeneko ndi mlandu wothandizira kubisa ndalama zakuba, ndipo akaunti ikatsekedwa pachifukwa chimenechi kutsegula ina kumavuta kwa zaka.

Potumiza kumudzi mpata uja wa mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu umabweranso. Ambiri amapereka marandi kwa wamalonda amene akufuna kuoda katundu ku Joni, mnzake wa wamalondayo n'kupereka makwacha kwa mayi ku Mangochi kapena ku Mzimba, kapena amapatsira matransipota. Makwacha amachulukadi, koma zonse zimayenda pa chikhulupiriro, ndipo lamulo silivomereza. Ena amatumiza khadi lawo la kunja kumudzi kuti achibale azitapa okha pa ATM. Zimaoneka zophweka, koma ulendo uliwonse wotapa umadulidwa ngati wakunja, mtengo wake ndi wa kubanki, ndipo kupereka khadi ndi nambala yachinsinsi kwa munthu wina n'kuphwanya pangano lanu ndi banki. Ndalama zikasowa sadzakubwezerani.

Akaunti ya kumudzi musaitaye. Ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito banki imaigoneka, ndipo kuidzutsa muli kutali n'kovuta. Simu nayo ikakhala miyezi osagwira ntchito kampani imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina, amene angayambe kulandira mauthenga a banki yanu. Muziikamo mayunitsi apo ndi apo. Mabanki angapo a kuno ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja, ena osungira m'madola, mapaundi kapena marandi, omwe amateteza ndalama kwacha ikagwa.

Pokonzekera kubwerera, yang'anani tsiku lomwe chiphaso chanu chithere. Mabanki a ku South Africa amatha kuimitsa akaunti ya mlendo chiphaso chikatha mphamvu, mpaka atabweretsa chatsopano, ndipo kulondola ndalama zimenezo muli ku Lilongwe kumadya miyezi. Samutsani ndalama zanu mapepala akadali amoyo, tengani sitetimenti yosonyeza komwe zidachokera, ndipo makobidi achitsulo muwagwiritse ntchito komweko, chifukwa kuno osintha ndalama salandira.